Chimtali Chathu Chinathera Pamsewu

Omvera anzanga, ine ndimatsogolera gulu la amayi ovina chimtali kuno kwa Wimbe. Chaka chilichonse tikamaliza kusoka fodya, boma linkatitumizira lole yotitengera ku chikondwerero cha magule ku Kasungu.

Chaka chino tinakonzekera miyezi iwiri. Tsikulo tinavala nsalu zathu zofanana, n'kudikira pamsewu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Nditaimba foni ku ofesi ya boma, bambo wina anati, "Amayi, simunamve? Thandizo la zachikhalidwe analidula. Chikondwerero kulibe."

Ngakhale kutiuza kokha kunawavuta! Tinabwerera mwamanyazi, ndipo amayi atatu anasiyiratu gulu.

Sabata yatha bambo omwewo anandiimbira: "Kukubwera bwana wamkulu, mudzawavinire."

Ndinati, "Pepani bambo, ife tili kumunda. Mukawavinire nokha."