Fumbi la m'ovolosi yanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse amene mukuwerenga, makamaka inu amene mukulera ana muli nokha. Ine ndine Yotamu Phiri, ndimapemphera ku Natuseko kuno ku Kabwe. Ndikufuna kuchitira umboni za nthawi imene ndinatsala pang'ono kutaya mwana wanga mmodzi yekhayo chifukwa cha ntchito ya malipiro abwino, ndi za momwe Mulungu anatilanditsira kudzera mwa munthu amene sindinkamuwerengera n'komwe.

Ndine wolumala mwendo wakumanzere. Poliyo anaugwira ndili wamng'ono kwathu ku Katete, ndipo chiyambire mwendowo umangondiperekeza ngati mlendo, ntchito yonse imagwiridwa ndi ndodo ziwiri. Sukulu inali kutali, ndinalekeza panjira. Kuwerenga ndinadziphunzitsa ndekha, mpaka ndinasanduka munthu wosadutsa pepala pansi osalitola, kaya ndi nyuzipepala yokulungira tinsomba ta kapenta. Malemu mkazi wanga ankati tsiku lina basi idzandigunda ndikuwerenga nambala yake.

Pamgodi wa mtovu ndi zinki wa kuno ku Kabwe ndinkagwira ntchito kuyadi ya zitsulo zotha ntchito. Ndinkakhala pampando n'kumasankha: uwu mkuwa, uwu mtovu, iyi zinki. Ndinazolowera moti ndinkangonyamula chitsulo, kuchikanda ndi msomali, basi ndadziwa. Pamene mgodi unkatsekedwa, mkazi wanga anali atangomwalira kumene, kundisiyira mwana wathu wamkazi Dailesi wa zaka zisanu ndi zitatu. M'nyumba ya kampani tinatulukamo, tinakapeza chipinda chimodzi ku Makululu. Masiku amenewo makampani a boma ankagulitsidwa motsatizana, ndipo amuna a miyendo iwiri yabwinobwino ankalimbirana pisiweki, ganyu yokumba chimbudzi. Wa ndodo ngati ine ankangomuyang'ana kuyambira pansi, n'kupukusa mutu.

Ndiye nditamva kuti munthu wina watsegula yadi yogula sikirapu ndipo akufuna wodziwa zitsulo, ndinati pemphero layankhidwa. Tauni yonse inali itasanduka yotola zitsulo, ena ankafukula pamilu ya zotayidwa za mgodi, ena ankazula chilichonse chosiyidwa. Mwini yadi anandiponyera zidutswa zingapo, ndinazitchula zonse, anandilemba tsiku lomwelo. Malipiro anaposa amene ndinkalandira pamgodi. Koma lamulo lake linali louma: sikisi m'mawa mpaka sikisi madzulo, masiku onse, ndi Lamlungu lomwe. Anandilozera amuna amene ankakhala pageti, nati tsiku limene ndidzajombe, mmodzi wa iwo adzakhala pampando wanga.

Dailesi ndinkamusiya m'manja mwa bana Mwape, mayi wachibemba wa chipinda choyandikana nafe, amene anali ndi ana akeake ndi kantemba, kabenchi kogulitsirapo tomato. Mayiyo anayesetsa, sindingamunene. Koma mwana wanga anayamba kudzilera yekha. Ankadziperekeza kusukulu, ankadzikumbutsa kudya, ndipo ndikafika madzulo ndinkapeza atatunga madzi ngati mzimayi wamkulu.

Ife a pamgodi timadziwa kuti mtovu ndi woipa m'thupi. Koma tinkakhulupiriranso kuti mkaka umautsuka, chifukwa pantchito tinkamwa mkaka ndipo achikulire anzathu ankatiuza choncho. Motero chinthu choyamba chimene ndinayamba kugula ndi malipiro atsopanowo chinali mkaka, tsiku ndi tsiku. Ndinkadziuza kuti ana a anzanga akugona ndi njala, wanga akumwa ngati mwana wa manijala. Ndikamuona akupendeketsa kapu, mtima unkakhala pansi, ndipo ndinkaiwala kuti tsiku lonse sanandione.

Chimene sindinachiganizire ndi ichi. Pamgodi panali chenjihausi, nyumba yosambiramo ndi kusinthira zovala, ndipo munthu sunkatuluka pageti ndi ovolosi ya ntchito. Kuyadi ya sikirapu kunalibe ngakhale mpopi. Ndinkabwera kunyumba ndi ovolosi yotuwa mbuu. Dailesi ankailandira, kuiyanika pachingwe pakhomo, n'kuikuntha ndi kamtengo mpaka fumbi lonse lituluke, kenako n'kusesa. Ikatha kukunthidwa ankaipachika pamsomali pamwamba pa mphasa yake. Ine ndinkamuyamikira kuti watengera ukhondo wa amayi ake.

Patapita miyezi anayamba kudandaula m'mimba. Nshima ankangoitsina kawiri n'kusiya. Mwana amene anali wofatsa anayamba kupsa mtima ndi kulira popanda chifukwa. Aphunzitsi ake anandilembera kakalata kuti akugona m'kalasi ndipo akuiwala zimene ankazidziwa kale, ndifike tikambirane. Kalatayo ndinaiwerenga kangapo, ndinaona ndi pamene aphunzitsi analakwitsa kalembedwe, koma kusukulu sindinapite. Ndinangowonjezera mkaka.

Tsiku lina m'mawa anasanza, nandigwira malaya kuti ndisapite. Ndinafika kuyadi mochedwa pang'ono n'kupempha mwini yadi kuti andipatse m'mawa umodzi wokha ndipite naye kukiliniki. Sanakalipe ayi. Anangoyang'ana kugeti, kenako n'kundiyang'ana ine. Abale anga, ndinakhala pansi n'kutenga msomali wanga. Ichi ndiye chimandipweteka mpaka lero. Bana Mwape ndi amene anatseka kantemba kawo n'kupita naye, anabwerako ndi mapilitsi a m'mimba, chifukwa panalibe amene akanafotokozera anesi za ntchito yanga.

Kuyambira pamenepo mutu wanga unasanduka sikelo. Mbali ina ndinkaika malipiro, lendi, yunifomu, ndi mantha akuti wolumala akataya ntchito sapezanso ina. Mbali ina ndinkaika mwana amene ankaonda ndikuona. Ndinaganiza zomutumiza kwa mlongo wanga ku Katete, koma nditangotchula, Dailesi anafunsa kuti, “Nanga inu, atate, madzi azikutungirani ndani?” Lamlungu lina ndili kuyadi ndinapemphera pakati pa milu ya zitsulo, ndipo ndivomereze kuti pemphero lake linali lochenjera. Ndinati, Ambuye, chizani mwanayu, koma ntchitoyi musaikhudze. Ndinamupatsa Mulungu malire ngati kapitawo.

Yankho linabwera Lachitatu, litanyamula thumba la mipopi yakale. Anali ba Mukuka, mkulu amene kale ankasamalira chenjihausi pamgodi: kusesa, kugawa sopo, kuyang'anira makiyi. Ife tinkamuona ngati munthu wa ntchito yonyozeka, ndipo ine ndi Chingelezi changa cha m'manyuzipepala ndinkamuseka kuti sadziwa kuwerenga chikwangwani cha pachitseko chake chomwe. Atagulitsa mipopi yake anandidikira mpaka sikisi kuti tiyendere limodzi, poti nayenso ankakhala ku Makululu. Titatuluka pageti anaima, nandiitana mwachibemba ndi dzina la mwana wanga.

“Bashi Dailesi, imwe muchinjila kuti?”

Ndinati zovala ndimasinthira kunyumba. Pamphambano yopatukira kwawo sanapatuke. Ananditsata mpaka pakhomo. Ndinalowa, ndinavula, Dailesi anatenga ovolosi ngati masiku onse, ngakhale ankayenda atagwira pamimba. Atangoimenya kamodzi, fumbi linati tolo m'kuwala kwa dzuwa lolowa, n'kumukuta kumaso.

“Iwe mwana, leka! Taya kamtengo ako, choka apo!” Ba Mukuka anakuwa mpaka bana Mwape anatuluka ndi mpeni wa tomato m'manja. Kenako anatembenukira kwa ine. “Imwe ba Phiri, chikwangwani chija munali kuchiwelenga mokweza masiku onse kuti tonse timve chizungu chanu. Chinali kukamba chani?”

Chinkanena kuti zovala za ntchito zisapite kunyumba. Ndinachiwerenga zaka zonse zija, ndinkasamala katchulidwe kake, koma amene anachimvetsa anali munthu wosadziwa kuwerenga. Ndinayesa kudziteteza, ndinati mwanayu amamwa mkaka tsiku lililonse. Ba Mukuka anati mkaka ndi chakudya, si sopo wa m'magazi, ndipo anaonapo ana a anthu ozembetsa ovolosi akudwala chimodzimodzi. Anati mawa lomwe apite kuchipatala chachikulu, ndipo ndipite ine mwini, ndikanene ndi pakamwa panga ntchito imene ndimagwira.

Mungaganize kuti nkhani inathera pomwepo. Ayi. M'mawa mwake ndinadzuka nthawi yanga ya masiku onse, ndipo ndinadzipeza nditaima pakhomo ndikuganiza kuti mwina bana Mwape angapitenso naye, ine ndikangowalembera kalata yokapereka kwa adokotala. Kalata yabwino ndithu, ya Chingelezi chomveka. Ndili m'maganizo amenewo ndinamva kugwa m'nyumba. Dailesi anali pansi, thupi likugwedezeka, maso atatembenuka. Ndinaponya ndodo n'kukwawira pamene anali. Kugwedezekako kutamusiya, anali wofooka osatha kuimirira, ndipo pamenepo ndinakumana ndi chinthu chimene ndinkachithawa moyo wanga wonse: munthu wa ndodo ziwiri sanganyamule mwana. Manja onse ali ndi ntchito kale. Ndinakhala pansi nditamufungata, ndinalira mokweza, ndinati, Ambuye, tengani ntchitoyo, tengani chilichonse, mundisiyire uyu.

Sindinamalize n'komwe, ndinamva belu la njinga panja. Ba Mukuka anali atabwereka njinga, chifukwa, monga anandiuza pambuyo pake, sanandikhulupirire kuti ndipita. Bana Mwape anamubereka Dailesi ndi chitenje n'kukhala pakaliyala, ba Mukuka akukankha, ine ndikudumpha pambuyo mpaka pamsewu wa maminibasi.

Kuchipatala ndinanena zonse, ndi za kamtengo zomwe. Anamutenga magazi, anatiuza kuti mtovu ndi wochuluka, anamugoneka ndi kuyamba kumupatsa mankhwala ouchotsa m'thupi. M'wodi ya ana mumakhala amayi okhaokha, ine ndinali tambala mmodzi pakati pawo, ndipo anandiphunzitsa kupota tsitsi la mwana uku akundiseka kuti mizere yanga ikuyenda ngati mwini wake. Masiku oyamba anali oopsa, mwana sankandizindikira bwino. Uthenga wa kuyadi unafika msanga kuti pampando wanga pakhala wina. Ndinaumva, koma sindinanyamuke.

Tsiku lina ba Mukuka anabwera kudzazonda, natulutsa envulopu m'thumba. Inali kalata ya Chingelezi yokhudza ndalama zake zopumira pantchito, ndipo anakhala nayo milungu osadziwa chimene ikunena. Ndinamuwerengera pabenchi lapanja, ndinamulembera yankho. M'mawa mwake anabwera ndi anzake awiri, aliyense ndi envulopu yake. Pamene Dailesi ankatulutsidwa, nkhani inali itafika kwa akulu a mpingo, ndipo anandipatsa tebulo ndi mpando pakhonde la tchalitchi kuti ndiziwerengera anthu makalata ndi kuwalembera mafomu. Amayi a chigwirizano anatipezera kachipinda ku Natuseko, anathira simenti pansi kuti mwana asamagone pafumbi. Zopeza za pantchito ya makalatayo zinali zochepa kwambiri. Ena ankapereka kandalama, ena kapenta, ena “Mulungu akudalitseni” wopanda ndiwo. Koma ikakwana nthawi yoweruka ana, ndinkatseka cholembera n'kukaima pageti la sukulu.

Mayesero anabweranso. Mwini yadi anandifunafuna mpaka pakhonde paja, chifukwa wolowa m'malo mwanga ankasakaniza zinki ndi mtovu ndipo katundu ankabwezedwa. Anatchula malipiro apamwamba kwambiri. Sindinama, mwezi umenewo tinkadya kamodzi patsiku, ndipo ndinamva mtima ukupendekera. Ndinamuuza kuti ndingabwere ngati ndiziweruka masana, Lamlungu ndizipuma, ndipo aike mpopi ndi malo osiya zovala, osati kwa ine ndekha koma kwa onse. Anaseka, nati kulumala kwandifika ndi kumutu. Anakwera galimoto yake, ine ndinatsala osadziwa ngati ndachita mwanzeru kapena mopusa. Madzulo amenewo tinadya nshima ya masamba a maungu, ndipo Dailesi anamaliza mbale yake yonse.

Sindikuuzani kuti zonse zinabwerera mwakale. Adokotala anatichenjeza kuti mtovu umasiya zipsera zosaoneka, ndipo zinalidi choncho. Dailesi anabwereza giredi, zinthu ankazigwira mochedwa, ankalira kuti mutu wake wasanduka dengu lobooka. Masana aliwonse tinkakhala limodzi ndi buku lake, mzere umodzi kubwereza kakhumi. Ine amene ndinkathamanga powerenga kuti anthu andione, ndinaphunzira kudikira mawu amodzi mpaka atuluke.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanamvere pemphero langa loyamba lija. Ndikuthokoza ba Mukuka, amene anatisiya kale, bana Mwape, ndi mpingo umene unandipatsa khonde. Kwa inu amene muli nokha ndi ana, ndipo ntchito ikukulipirani bwino koma ikukudyerani nyumba, sindikuti siyani mawa, chifukwa njala ndimaidziwa. Ndikuti yang'anitsitsani mwana wanu lero, mufunse, ndipo amene akubwera kudzakuchenjezani musamuyeze ndi sukulu yake. Musafooke popemphera, koma musamuikire Mulungu malire.

Patatha zaka ziwiri, pa Lamlungu la ana, Dailesi anapatsidwa ndime yoti awerenge kutsogolo. Anaika chala pamzere, anayamba, anakakamira pakati. Mawuwo ndinkawadziwa pamtima, anali kale pamilomo panga, koma ndinaluma lilime. Anapuma, anabwerera poyambira, anawerenga mpaka kumapeto yekha. Ameni wa tsiku limenelo ndinamunena mokweza moti abusa anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Ambuye akusungeni inu ndi ana anu.