A Sizasi Ayamikira Tauni ya Eni

A Sizasi, wometa amene moyo wawo wonse unathera poyang'ana kunkhongo kwa anthu, anali atalengeza pashopu pawo kuti akusamukira kunja, kutauni ya m'mphepete mwa nyanja kumene mwana wawo wamkazi anakwatiwa. Tsopano anali atafika ndi akazi awo kudzaiona tauniyo, ndipo mwanayo ankafuna yankho tsiku lomwelo, chifukwa mwini kanyumba kamene anawapezera anali atatopa kudikira.

Kunena zoona, a Sizasi tauniyo sanaikonde ngakhale pang'ono. Koma munthu woti anatsanzika kale makasitomala, n'kulandira mpaka jekete la mphatso, angabwerere bwanji n'kukanena kuti kunja kwamukanika? Ife amuna timalolera kufa ndi chimfine kusiyana n'kubweza mawu. Choncho anaganiza kuti wokana akhale mayi. Iwo aziyamikira zoipa zokhazokha mpaka mayiwo anyansidwe. Anangoiwala chinthu chimodzi, chakuti akazi awo sankadziwa mawu okuluwika. Ukawauza kuti "ndikubwera pompano," ankaima pakhomo.

M'mawa umenewo anakhala pabenchi moyang'ana nyanja.

"Aaa, kamphepo kabwino bwanji!" anatero a Sizasi, mano akugundana. "Kolowa mpaka m'mafupa. Munthu wa nyamakazi ngati inu, amayi, muzidzasangalala nako chaka chonse."

"Zoona?"

"Eee! Chaka chonse. Kosapuma."

"Ndiye zili bwino. Kwathu kutentha kumandipweteketsa mutu."

"Koma nyamakazi, amayi!"

"Mwati ndisangalala nako. Ndikudikira." Mayiwo anakhala tsonga, nkhope italoza kumene kumachokera mphepo.

Panadutsa bambo wina akukoka galu wovala juzi. A Sizasi anaimirira, n'kukweza dzanja, n'kupereka moni wa mano onse. Bamboyo anayang'ana galu wake, galuyo anayang'ana nyanja, onse n'kudutsa.

"Mwauona ulemu umenewo?" anatero a Sizasi akukhala pansi. "Safuna kundivutitsa ndi kuyankha. Kuno mukhoza kudwala mwezi wathunthu, palibe wodzakusokonezani ndi zoti mwadzuka bwanji."

"Iii, mpumulo wake! Kwathu ndikadwala ndimatopa ndi kuphikira odzandizonda."

"Ngakhale maliro, amayi. Kuno munthu umangopita mwakachetechete, popanda wodzakuimbira."

"Inu simukonda phokoso."

"Ndinanena liti?"

"Nthawi iliyonse ndikayamba kulankhula."

A Sizasi anayang'ana uku ndi uku kufunafuna choipa china, ndipo anachipeza m'madzi. Agogo awiri a imvi zawo ankasambira m'nyanjamo, khungu lili psuu ndi kuzizira.

"Taonani azimayi a msinkhu wanu! Kuno ndi mmene amachitira. Inunso muzidzalowa mmenemo m'mawa uliwonse."

Mayiwo anavula nsapato imodzi n'kuyamba kutsetserekera kumadzi.

"Mukupita kuti?"

"Kukayesa."

"Bwererani! Mukufuna kundichititsa umasiye kwa eni?"

Mayiwo anaviika chala chachikulu cha kuphazi m'madzi, n'kuganiza pang'ono. "Sioipa. Ngakhale bondo lasiya kupweteka."

"Lachita dzanzi limenelo!"

"Lasiyabe."

Ananyamuka n'kuyamba kukwera kamsewu ka miyala kopita kumashopu. A Sizasi ankayenda manja ali m'khwapa, jekete la mphatso lija litawafika m'mawondo.

"Ndipo kanyumba kaja," anayambanso, "ndakakonda kwabasi. Kokwana munthu mmodzi ndendende. Ife awiri tizidzapuma mosinthana."

"Munthu mmodzi ndendende," anabwereza mayiwo, ngati akusunga pamtima.

"Ukayetsemula kuchipinda, wa kukhitchini amapukuta kumaso. Kulibe bwalo, kulibe dimba, kulibe ngakhale posesa."

"Kulibe posesa?" Maso awo anawala.

"Ndipo abale akabwera, pogona palibe. Ganizani bwino pamenepo, amayi. Abale!"

"Ngakhale achimwene anu aja amabwera kudzacheza Loweruka n'kuchoka mvula itagwa?"

"Ndimanena abale anu!"

"Anga amabwera m'mawa n'kubwerera masana."

Thukuta linayamba kutuluka a Sizasi m'kati mwa kuzizira konseko. Anakweza maso kuyang'ana mitu ya anthu, monga amachitira wometa aliyense akafika pachilendo. Mutu sanauone ngakhale umodzi. Wamkulu, mwana, wapanjinga, onse anali m'zipewa zaubweya zofika m'makutu.

"Anthu osamala mitu awa," anatero ndi mawu ofooka. "Wometa kuno amangokhala, makina n'kuchita dzimbiri."

"Mwakhala mukudandaula msana. Mupuma."

Kenako anafika pa shopu yometera. A Sizasi anaima n'kusuzumira pagalasi. Munali mpando umodzi, pansi powala, zipeso zitandandalikidwa ngati zida za dokotala. Wometa anali duu, wometedwa atatsinzina. Munalibe benchi. Apa mtima wawo unawawa zenizeni. Kushopu kwawo benchi ndiyo inali shopu. Pankadzaza amuna a dazi amene analibe choti n'kumeta, obwera kudzatsutsana za mpira, za mvula, za mwana wa uje amene wathawa ndi wa uje, mpaka dzuwa kupendeka. A Sizasi anawasowa onsewo, ngakhale uja wonunkha mapazi.

Koma mwamuna ndi mwamuna. Anakonza kukhosi.

"Kametedwe kamakono kameneko! Palibe wailesi, palibe miseche, palibe wodzakhala tsiku lonse. Zii, ngati m'chipatala."

"Ndiye mwapeza. Lowani mukafunse."

"Ndikafunse chiyani?"

"Malo. Mwati n'kamakono."

"Chilankhulo chawo ndikuchidziwa ine?"

"Mwati salankhula."

"Amayi!"

"Kapena ndikufunsireni?" Dzanja linali litafika kale pachitseko.

"Siyani chitseko cha eni!"

Nthawi yomweyo foni inalira m'chikwama cha mayi. Anaitulutsa n'kuiyang'ana chapatali, monga amachitira anthu oiwala magalasi.

"Ndi mwana. Akufuna yankho."

"Musayankhe."

"Bwanji? Yankho tili nalo. Mphepo yabwino, anthu aulemu, nyumba mwaikonda..."

"Ndati musayankhe!" A Sizasi anagwira dzanja la akazi awo ndi manja onse awiri, pamsewu, anthu a zipewa akuwalambalala. "Amayi, ndagonja. Ine kuno sindikufunako! Mphepoyi ikundipha. Galu wa juzi uja wandinyoza. Ndikufuna benchi yanga, ndikufuna anthu anga a dazi. Akandiseke, akandilande jekete lawo, zilibe kanthu. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka."

Mayiwo anawayang'ana. Foni inkangolirabe.

"Nanga zonse mwayamikira zija?"

"Ndimafuna mukane inu! Kuti ndikanene kushopu kuti mayi ndi amene alephera."

"Ooo." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ine ndinadzuka nditakana kale."

"Mwati chiyani?"

"Chikwama ndinamanga m'mamawa. Ndimati tikakhala pabenchi paja ndikuuzeni kuti tiyeni kwathu."

A Sizasi anagwira m'mutu. "Ndiye bwanji simunanene, mayi inu?"

"Munayamba ndinu kulankhula."

"Chabwino, chabwino, zatha bwino! Tagwirizana. Muuzeni mwanayo kuti tikubwerera." Anaseka kwa nthawi yoyamba chifikireni, n'kuyamba kutikita manja. "Mukanene kuti ndi nyamakazi."

"Nyamakazi yasiya."

"Amayi..."

"Abambo, chikhalireni m'banja simunandifotokozerepo chinthu momveka bwino ngati lero. Kosasesa. Kosaphikira odzazonda. Kopanda alamu anga. Ine zonsezi sindimaziona, mwanditsegula maso ndinu."

"Koma ndanena kuti sindikufunako!"

"Ndamva. Mwati inu."

Anadina foni n'kuiika pakhutu, akuyang'ana nyanja ngati munthu woyang'ana munda wake.

"Halo, mwanangu. Eee, tayenda bwino. Kanyumba kaja katenge. Ayi, bambo ako akubwerera kumudzi, koma usadandaule. Ayeza okha, akuti n'kokwana munthu mmodzi ndendende."