Anatsegula Chikwama cha Mapilitsi Pambali pa Manda

Aulutsi ndi omvera anzanga, ndine mayi wa kufupi ndi boda ya Mchinji. Ndikufuna mumve za bambo wina amene anthu kuno amamutcha "adokotala", chonsecho udokotala wake ndi jekete loyera ndi chikwama cha mapilitsi ozembetsa kuchokera ku Zambia.

Mchimwene wanga anali tenanti pa esiteti ya fodya. Msana utayamba kumuvuta nthawi yodinda mabelo, bamboyu anamupatsa timapilitsi tamphamvu topha ululu. Sanamuyeze n'komwe. Anangoti, "Achimwene, awiri akakanika, imwani anayi. Ndinu mwamuna inu."

Posakhalitsa mchimwene wangayo sankagwiranso ntchito asanamwe timapilitsito. Tsiku lina masana tinamupeza ali gone m'chigafa, akuliza mkonono. Mkazi wake anati, "Asiyeni apume, atopa." Sitinadziwe kuti mkononowo unali mpweya ukutha. Kuchipatala anatiuza kuti mapilitsiwo ndi amene anamupha.

Pamaliro "adokotala" anabwera, jekete lili lositasita, nakhala kutsogolo pamodzi ndi akuluakulu ampingo. Munthu ameneyu manyazi alibe! Adzukulu atamaliza kukumba manda, mmodzi anadandaula msana. Ndinaona ndi maso angawa bamboyu akutsegula chikwama chake pambali pa dzenje, bokosi lisanatsike.

Chimene chimandinyansa kwambiri n'chakuti mpaka lero anthu amamuvulira chipewa. Omvera anzanga, jekete loyera ngakhale wa kubutchala amavala. Koma ameneyo amapha mbuzi, osati ana a anthu.