Kwaya ya Anthu 37

Madzulo a Lachisanu, mayi Mavis Longwe, otsogolera kwaya ya mpingo wa ku Chintheche, anakhala pakhonde akusenda chinangwa, mutu uli pa mpikisano wa mawa lake ku Bandawe. Oweruza anali atalamula kuti kwaya iliyonse iime m'mizere yofanana, ndipo amuna awo, a Fraser, amene anapuma pa ntchito yophunzitsa masamu koma ankaimbabe besi m'kwayamo, ndiwo anali pafupi oti n'kuwafunsa.

"Bambo a Fiskani, mwaona mndandanda wa mayina uja. Tilipo 37. Ndiike mizere ingati?"

A Fraser anavula magalasi. "37 ndi odi."

Mayi Mavis anasuzumira kuchipata. "Akuodira ndani?"

"Palibe. Ndikunena nambalayo. Sigawika pawiri."

"Zoona, kwaya yathu sigawikana. Ngakhale chaka chija a Mathews anakwiya nkhani ya yunifolomu, sitinapatukane."

Bambowo anafotokoza mofatsa kuti sakunena za chikondi cha pa abale. Anati 37 ndi pulayimu.

"Wa pulayimale mulibemo. Wamng'ono pa onse ali Fomu 3."

"Pulayimu, mayi. Imagawika ndi 1 ndi iyo yomwe basi. Muike mzere umodzi wa anthu 37, kapena mizere 37 ya munthu mmodzi."

"Mzere umodzi? Omaliza akaimbira m'nyanja."

Mayi Mavis sanali munthu wogonjera nambala. Anatola zidutswa za makoko a chinangwa zokwana 37 n'kuyamba kuzindandalika pamkeka. Pa mizere iwiri, chinatsala chimodzi. Pa itatu, chimodzi. Pa inayi, chimodzi chomwecho, chili phee pambali ngati mlendo wosaitanidwa. A Fraser ankangogwedeza mutu ngati akuchonga mayeso.

"Mukachotsa mmodzi," anatero, "mutsala ndi 36. Nambala yaulemu imeneyo. Mizere isanu ndi umodzi, uliwonse anthu asanu ndi mmodzi, kapena inayi ya anthu 9, mmene mungafunire."

Zaka makumi awiri mayi Mavis anali akusunga mawu ena ake pakhosi, ndipo anaona kuti masamu awatsegulira khomo. Anaika mpeni pansi, nasendera pafupi. Anayamba ndi kuyamikira khama la amuna awo, kuti sajomba pokonzekera nyimbo ngakhale kugwe mvula. Kenako ananena motsitsa kuti besi yawoyo imayamba anzawo asanayambe, imatha anzawo atakhala kale pansi, ndipo a Mathews amene amaima nawo pafupi amatseka khutu ndi chala osati pofuna kumva bwino nyimbo ayi.

"Ndiye poti wina ayenera kutsala," anamaliza, maso ali pamkeka, "mwina mawa mungotisungira zikwama."

A Fraser anapukuta magalasi aja nthawi yaitali, mpaka mayi Mavis anayamba kudziimba mlandu.

"Ndamva za besi," anatero potsiriza. "Koma ine ndikatsala, m'mizere mukhala anthu 35."

"Bwanjinso? 37 kuchotsa inu."

"Pamndandanda paja dzina loyamba ndi lanu, ndipo inu mumaima kutsogolo n'kumagwedeza manja. Simulowa mumzere."

Mayi Mavis anayang'ana kachidutswa kotsala kaja. "Nanga osanena poyamba bwanji?"

"Munandifunsa za 37," anatero a Fraser, akuvala magalasi. "Wotsalayo, mayi a Fiskani, ndinu."