Kanyumba kabuluu ka ku Glasgow

Pa siteji ya basi ku Al Twar, kudziko la Aluya, amayi awiri osadziwana ankadikira basi atavala mamasiki. Wa ku Zambia anasuzumira chithunzi pa foni ya wa ku Mangochi n'kufunsa.

"Asisi, ako kanyumba kabuluu ni toileti?"

"Ayi, uku ndi ku Glasgow. Kale apolisi ankaimbiramo foni. Pano boma linaletsa kukagwetsa, akuti ndi chikumbutso."

"Nanga aimirira pambali apo ni ndani?"

"Mng'ono wanga Faiza, ankasamalira okalamba kumeneko. Akaweruka ankaima pamenepa n'kundiimbira podikira basi."

"Lomba saimba?"

"Korona inamutenga. Anamuika anthu achilendo, ine ndikutsuka mbale za madamu konkuno ku Jumeirah. Ndege zinali zitaimitsidwa."

"Pepani, asisi. Manda muwadziwa?"

"Anandiuza dzina la malowo, koma lilime langa limakana kulitchula. Mumzinda wonsewo chomwe ndikudziwa ndi kanyumbaka."

"Muzayenda, inshallah. Ngati sagwetsa, muzakapeza."

"Kanyumbako kadzakhalapo, mayi. Ine ndi amene sindikudziwa ngati ndidzafikeko. Basi ikubwerayi ndi yanu?"

"Iyai."

"Inenso si yanga."