Bambo Sufiyani Kapalamula, Woyeza Mphepo ya Panyanja

Malemu Bambo Sufiyani Kapalamula anabadwa pa 3 Malichi 1936 kuno ku Chia. Anayamba kumadrasa, kenako sukulu ya mishoni ku Nkhotakota, komwe anamaliza Sitandade 6 mu 1953.

Mu 1959 analembedwa ntchito ku ofesi ya zanyengo. Mu 1962 anamanga banja ndi Mayi Asiyatu.

Mu 1987 akatswiri anafuna kudziwa ngati setilaiti, makina oyenda kumwamba oyeza mphepo ndi chinyezi pamwamba pa madzi, imanena zoona. Panafunika munthu woyeza pamadzi penipeni kuti manambala afananizidwe. Anasankha malemuwa. M'mawa uliwonse ankalowa m'nyanja ndi chipangizo choyezera liwiro la mphepo, cha timakapu tozungulira ndi mphepoyo. Manambala akasiyana ndi a setilaiti, ankatumiza zomwe apeza, osakonza. Ankati makina ali kutali, iwo ndiwo anyowa.

Pa 14 Julayi 1989 mwera unamiza bwato, ndipo asodzi atatu anatisiya. Kunamveka mawu akuti timakapu tija ndito timaitana mphepo. Ambiri tili pano tinawamva, ena tinawanena. Padooko anthu analeka kuwapatsa moni. Mayi Asiyatu ankakagula nsomba kutali. Malemuwa sanakasume kwa aliyense, ndipo ntchito sanasiye. Anazika mlongoti padooko, naikapo timakapu, ndipo mphepo ikayamba kukwera ankapachika nsalu yofiira yochenjeza asodzi. Chaka choyamba palibe anaisamala. Chaka chachiwiri mabwato anayamba kudikira.

Anayamba kudwala chifuwa mu Epulo chaka chino cha 1992. Atagonekedwa m'chipatala milungu itatu anapempha kubwerera kwawo, ndipo anamwalira dzulo, pa 21 Julayi, m'mawa. Pempho lawo lomaliza linali limodzi: abale tinene poyera kuti iwo ankangoyeza. Tikunena. Mwera wa dzulo madzulo tonse tinauona. Unabwera iwo atagona kale.

Asiya Mayi Asiyatu, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi chimodzi. Tithokoze a Shehe, amayi a kumzikiti, ndi asodzi amene akumba manda. Tithokozenso Bambo Abdulhamid, mchimwene wa mmodzi mwa omira aja, amene dzulo, osatumidwa, anakapachika nsalu ija. Palibe bwato linalowa m'nyanja.

Allah awakhululukire, awagoneke mumtendere.