Malamulo Khumi M'chigafa

Mawa lake Vitus ankakayesedwa katekisimu ku Ludzi kachitatu. Akalepheranso ndiye kuti ubatizo palibe, ukwati wa m'tchalitchi palibe, ndipo mkazi wake Keziya akhalabe pabenchi anzake akukalandira Ukaristia. Zaka naini akungowonerera, abale, zinkamuwawa! Ndiye anamupanikiza mwamunayo m'chigafa akusoka fodya.

"Bambo a Rozi, lamulo nambala seveni?"

"Seveni... seveni..." Vitus anayang'ana kudenga ngati yankho analipachika pamodzi ndi fodya.

"Aaa! Nyimbo za chipani mumaimba osaphonya, ng'ombe iliyonse m'mudzi muno mumadziwa mwini wake. Malamulo khumi okha akukanikeni?"

"Ng'ombezo tinazolowerana. Seveni ameneyu sindinakumanepo naye."

Keziya anaganiza kaye. "Chabwino. Lamulo lililonse mulimangirire kwa munthu amene mumamudziwa. Seveni, usabe. Wakuba ndani kuno?"

"Maliko."

"Eyaa. Ndiye seveni?"

"Maliko!"

"Iyayi, nenani lamulolo!"

"Usabe nkhuku za a Stefano."

"Za nkhukuzo musakanene!"

"Kani nkhuku n'zololedwa?"

Keziya anagwira mutu. "Tipite pa eyiti. Usamunamizire mnzako."

"Mayi anu," anatero Vitus mwaulemu wake wonse.

"Mayi anga atulukemo msanga!"

"Akatuluka, eyiti atuluka nawo. Wakhazikika bwinotu pamenepo."

"Inu, mukakatchula dzina la munthu pamaso pa bambo mfumu, m'mudzi muno tisamuka. Mayina m'mimba, lamulo pakamwa. Mwamva? Naini?"

"Usasirire mkazi wa mwini!"

Linatuluka losalala, lopanda ngakhale chifuwa. Keziya anaika singano pansi.

"Limeneli sindinakuthandizeni. Mwalimangirira kwa ndani? Ndi Tabeth uja wa kuchitsime eti? Nenani!"

"Tabeth walakwanji? Ndamangirira kwa a Abbasi a kusitolo."

"A Abbasi atani?"

"Mukakagula shuga inu, amawonjezera mbasela mpaka kusefukira, uku akukufunsani za mutu wanu uja unapola chaka chatha. Ndikapita ine, amachita kupungula ndi chala. Mawa ndikafunsanso bambo mfumu ngati mbasela ili m'lamulomo."

Keziya anatola singano ija n'kuyamba kusoka mwaliwiro, maso ali pa fodya.

"Pa naini bambo mfumu safikapo," anatero. "Tabwererani kwa mayi anga."